Sikelo ya Mme Raesetja ndi Mwendo wa Mng'ono Wawo

Malemu amene atisonkhanitsa pano, mayi athu Mme Raesetja Mothapo, anabadwa pa 9 Malichi 1957 ku Ga-Mashashane, m'banja la a Ledwaba. Anali oyamba mwa ana aakazi awiri. Mng'ono wawo ndi Mme Mosima, amene akhala kutsogoloku, ndipo andiloleza kunena zonse, ngakhale zowawa. Ine ndine Kgabo Mothapo, mlamu wa malemuwa.

Sukulu anayamba mu 1964 kumudzi komweko. Mu 1976 anapita ku Pretoria kukaphunzira unamwino, n'kumaliza mu 1980. Pa 18 Disembala 1982 anakwatiwa ndi achimwene anga, Tate Lesiba Mothapo, amene anatsogola mu 2015. Mu 1985 anayamba ntchito pachipatala china chaching'ono kuno ku Seshego.

Ndisaname pamaliro. Zaka zoyambazo alamu anga anali namwino woopedwa. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ankachuluka chaka ndi chaka, ndipo iwo ankakhulupirira kuti munthu wonenepa kwambiri ukamuchititsa manyazi amasintha. Sikelo anaiika pakhonde podikirira, ndipo munthu akakwerapo ankatchula makilogalamu ake mokweza, mzere wonse n'kumva. Ena mukusekanu munakwerapo, ndikukudziwani. Inenso ndinakwerapo kamodzi, ndipo panadutsa zaka zitatu ndisanapondenso pakhonde limenelo.

Mu 1999 pasikelopo panakwera Mme Mosima, amene ankagulitsa magwinya, mandasi athu aja, pamalo okwerera matakisi. Anali atawapeza ndi shuga. Malemuwa sanaone chibale. Anatchula makilogalamu 118 anthu onse akumva, n'kuwonjeza kuti mng'ono wawoyo akudzikumbira manda ndi mano. Mme Mosima anatsika, natola chikwama chawo, nati, "Sesi, akulu anga, ndikaonda anthu adzati ndili ndi kachilombo. Ndani adzagule magwinya kwa munthu woonda? Ana anga adzadya sikelo yanuyi?" Kuchipatalako sanabwererenso, ndipo kunyumba kwa akulu awo anasiya kupondako.

Mu 2004 Mme Mosima anadulidwa mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo. Madokotala ananena mosabisa kuti akapanda kumabwera kudzalandira chithandizo, wotsalawo sudzatha zaka zisanu. Malemuwa anapita kukawazonda, koma wodwalayo anangotembenukira kukhoma. Tsiku limenelo ndinaona alamu anga akulira koyamba. Kuyambira pamenepo nkhawa yawo inali imodzi, mwendo wotsalawo.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Malemuwa anatenga tchuthi cha milungu iwiri, n'kumakakhala pamalo a matakisi paja, pakati pa amayi ogulitsa, kungoyang'ana ndi kufunsa. Zimene anaona anazijambula kuseri kwa kalendala yakale. Chipatala chinkatsegula nthawi imene malonda a amayiwo ali pachimake, ndiye sakanapita. Madzi ankangotha m'mipopi, choncho madimba a ndiwo zamasamba anauma, pomwe buledi ndi zakumwa zotsekemera zinali pakhomo pa aliyense. Misewu inalibe poyenda anthu apansi. Woonda ankamuloza chala, wonenepa ankamuyamikira kuti akusungidwa bwino. Chilichonse anachilumikiza ndi chinzake ndi kamuvi, ndipo kamuvi kena kanathera pasikelo yawo yomwe ija. Ankatiuza kuti palibe munthu amene amanenepa yekha, mudzi wonse umathandizira.

Musaganize kuti anangolondola nthawi yomweyo, ayi. Mu 2006 anakakamiza sukulu ziwiri kuletsa magwinya pachipata. Ana anangowolokera tsidya lina la msewu kukagula kugolosale, ndipo amene anasowa pogwira ndi amayi ogulitsa, mmodzi mwa iwo Mme Mosima, amene anali atasamukira pachipatapo ndi ndodo zawo. Mkwiyo wa pachibale unangokulirakulira. Malemuwa anavomera pamsonkhano kuti analakwa, anakoka chingwe chimodzi osayang'ana chamangidwa kuti.

Kuchokera mu 2007 sanachitenso kanthu okha. Anakhazika pamodzi eni matakisi, abusa, aphunzitsi, khansala, amayi ogulitsa ndi magulu othandizana pamaliro, kalendala ija ili pakhoma. Aliyense ankamuonetsa kamuvi kake. Anthu ankawathawa akawaona akubwera nayo itapindidwa m'khwapa, koma iwo analibe manyazi, ankakudikira pakhomo mpaka utuluke. Pamapeto pake kuseri kwa tchalitchi kunakumbidwa chitsime, dimba la morogo, ndiwo zathu zamasamba zija, linamera, ndipo amayi aja anabwerera pazipata ndi chimanga chophika, mtedza ndi zipatso pambali pa magwinya. Loweruka lililonse masana malemuwa ankayala tebulo la mankhwala pamalo a matakisi pomwepo. Sikelo anaiika kuseri kwa nsalu yotchinga.

Loweruka lililonse ankayang'ana kumsewu. Anthu mazanamazana anabwera, koma amene ankawadikira, mng'ono wawo uja, sanabwere. Zaka zisanu za madokotala zija zinali kutha.

Pa 14 Malichi 2009 Mme Mosima anafika, chala cha mwendo wotsala uja chili ndi bala. Sanapereke moni. Analowa kuseri kwa nsalu, nakwera pasikelo akulu awo atawagwira mkono. Ulendo uno malemuwa sanatchule makilogalamu mokweza. Analemba nambala pakapepala, nakapinda, nakaika m'dzanja la mng'ono wawo, kenaka anagwada pansi n'kuyamba kutsuka balalo. Analitsuka tsiku lililonse kwa miyezi inayi mpaka linapola.

Anapuma pantchito mu 2017, koma tebulo la Loweruka sanalisiye. Mu Ogasiti 2023 anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Anaonda kwambiri, ndipo alipo ena anayamba kunong'ona monga mwa chizolowezi chathu choipa chija. Amene anawatseka pakamwa ndi Mme Mosima, omwe anasamukira kunyumba kwa akulu awo, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala mpaka tsiku lomaliza. Malemuwa anatisiya mwamtendere Lachiwiri pa 4 Juni 2024, ali ndi zaka 67.

Banja likuthokoza anamwino anzawo, a mpingo, gulu lothandiza pamaliro, eni matakisi amene anyamula anthu ulele, ndi amayi a pamsika amene aphika lero. Morogo amene mudye ndi wa m'dimba lomwe lija.

Asiya ana atatu, Phuti, Tumisho ndi Ngwakwana, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso mng'ono wawo, Mme Mosima. M'mawa uno tinawakonzera galimoto kuti iwafikitse pamanda, koma akana. Ati akulu awo anagwira ntchito zaka makumi awiri kuti mwendo umenewu ukhalepo, ndiye awaperekeza nawo wapansi. Chonde tikanyamuka, tiyende pang'onopang'ono.

Mme Raesetja, gonani. Mzimu wanu uuse mumtendere.