Ng'oma za nsondo wa chaka chino

Pa siteji ya malole a ku Makanjira, amayi awiri osadziwana anakhala pa thumba limodzi la chimanga. Kamtsikana kanaima patali, zala zili m'makutu.

"Ndi wanu uyo? Ndamupatsa moni, sanayankhe."

"Ndi wanga, dzina lake Ajira. Wamva ndithu, koma kuyang'ana munthu m'maso kumamuvuta. Phokoso ndiye limamupweteka."

"Nanga wakula chonchi, ku nsondo, kuchinamwali kuja, mutani naye? Ng'oma zija?"

"Ndi zimene zinkandisowetsa tulo, amayi. Akapanda kupita, anzake azimutcha mwana mpaka kukalamba. Akapita, ng'oma zimudwalitsa. Chaka chatha zitangoyamba kulira, anathawa n'kukabisala pansi pa bwato."

"Ndiye mwamusiya?"

"Ayi. Ndinapita naye kwa anamkungwi kukapempha kuti amuuziretu nyimbo, asakadzidzimuke. Anakana, akuti za kumeneko sauza mwana asanalowe. Tikutsanzika, Ajira anangoyamba kuimba."

"Kuimba chiyani?"

"Nyimbo zomwezo, zonse, mwa ndondomeko yake. Ngakhale pamene anamkungwiwo anatsokomola chaka chatha, iyenso anatsokomola."

"Anazimvera kuti?"

"Pansi pa bwato paja, makutu atatseka."

Mayi winayo anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Mashallah, mphatso ya Mulungu imeneyo. Nanga anamkungwi anati bwanji?"

"Anamvetsera mpaka nyimbo yomaliza. Kenako anati, ‘Mwana uyu abwere. Ng'oma chaka chino zipume, tiziomba m'manja pang'onopang'ono, iye azitsogolera nyimbo.’ Ndiye tabwera kuboma kudzagula chitenje chake chotulukira."