Anatchula Mayina Sanali a Angella

Malemu mayi Angella Namakhwa anabadwa pa 14 Malichi 1986 m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi, koma kwawo ndi kuno kwa Kapichi. Anali achitatu m'banja la ana anayi. Mayi awo ankathyola tiyi, bambo awo anali alonda.

Sukulu anayamba mu 1992 ndipo analemba mayeso a Folomu 4 mu 2003. Aphunzitsi awo ankadandaula chinthu chimodzi chokha, mafunso. Ife amalume awo tinkati mwanayu adzatibweretsera milandu pakhomo, ndipo sitinaname. Mu 2007 anamaliza maphunziro a utolankhani ku Blantyre n'kuyamba ntchito pa wailesi. Mu 2010 anamanga banja ndi bambo Benard Muhiwa a kwa Khwethemule.

Mu 2017 anasiya ntchito ija n'kubwerera kumudzi ndi kamera. Ankajambula amayi othyola tiyi akufotokoza zomwe akapitawo ena ankafuna kwa iwo kuti awalembenso ntchito nyengo ya mvula. Nkhani zimenezi tonse tinkazidziwa, kungoti tinkazinong'ona. Pofuna kuteteza amayiwo, malemu sankajambula nkhope. Ankajambula manja okha, mawu n'kuwasintha. Kanemayo anaonetsedwa ku Masambanjati mu Juni 2019.

Amene andipempha kuti ndiwerenge zotsatirazi ndi achimwene awo a malemu, a Malizani, amene akhala apowo. Iwo mawu awakanika.

Nthawi imeneyo a Malizani anali atagwira ntchito pa sikelo zaka khumi ndi zinayi, kulandira masamba a tiyi kwa amayi omwewo. Malemu anaiwala kuti munthu wa pa sikelo sayang'ana nkhope, amayang'ana manja. Akuluakulu a pa esiteti atawaitanira ku ofesi n'kuwaonetsa kanemayo, a Malizani anazindikira chala chopindika, chipsera cha moto ndi mphete ya mkuwa. Anaganizira ntchito yawo ndi nyumba ya kampani, mantha n'kuwagwira. Anatchula mayina atatu. Mvula itagwa, amayi atatuwo sanalembedwenso.

Mphekesera inawanda yoti a Angella agulitsa anzawo. Amayi amene ankawalandira ndi nthungululu anayamba kuwapatsa msana pamsika. Malemu anadziwa msanga amene anachita zimenezi, pakuti atawafunsa achimwene awo, iwo anangogwetsa nkhope. Koma sanaululire munthu wakunja, poopa kuti ana a achimwene awo azilozedwa chala kusukulu. A Malizani anakhala chete zaka zisanu, akumva mlongo wawo akunyozedwa. Ifenso akubanja tinkadziwa. Tinati chibale ndi fupa, nkhaniyi ifere m'nyumba, osaganiza kuti tikuisenzetsa mwana wamkazi yekha. Tinalakwa, ndipo ine amene ndikuwerengane ndinalakwa kwambiri chifukwa ndine mwini mbumba.

Mu 2023 malemu anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero. Akudwala choncho ankayendabe m'makomo kulimbikitsa amayi kuti akayezetse, ena n'kumawatsekera chitseko. Atagonekedwa kuchipatala, a Malizani anapitako katatu ndi cholinga chokapepesa. Maulendo onse atatu anakamba za mbewu ndi za mpira, n'kutsanzika. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 13 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 38.

Asiya amuna awo, ana awiri, Faith ndi Mervin, mayi awo, achimwene awiri ndi achemwali mmodzi.

Tikuthokoza achipatala, ampingo, mafumu, adzukulu ndi anzawo a pa wailesi. Koma kuthokoza kwathu kwakukulu kupite kwa mayi Teleza ndi mayi Victoria, awiri mwa amayi atatu aja. Dzulo anabwera osaitanidwa kudzasambitsa thupi la malemu, akukhulupirirabe kuti munthu akumusambitsayo ndiye anawachotsetsa ntchito. Amayi inu, munasambitsa munthu wosalakwa. Wachitatu anasamukira ku Mozambique ndipo za maliro ano sanamve. A Malizani alonjeza kuti akamufunafuna okha n'kukamuuza ndi pakamwa pawo.

A Angella, dzina lanu talibweza inu mutagona kale. Mzimu wanu uuse mumtendere umene ife abale anu tinakumanani.