Tsiku Limene Uthenga wa Mwera Unakanika Kutuluka

Moni kwa inu Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse. Ambuye alemekezeke. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumangoti ndine mtsikana uja wa makompyuta. Kuntchito kwathu tili ndi pulogalamu imene imafunsa za nyengo, ikaona kuti mwera ukubwera imatumiza uthenga ku mafoni a asodzi kuti asalowe m'nyanja. Tilipo awiri basi. Anaipanga ndi Che Yusufu, ine ndimangoiyesa. Ndinalemba matesiti amene amadziyendera okha m'mawa uliwonse. Zikakhala bwino amaonetsa zobiriwira, zikavuta zofiira.

Lachisanu lina ndinapeza zofiira. Mwera woopsa ukuoneka kuti ufika madzulo, koma uthenga sukutuluka. Ndipo achimwene anga, amene anandilera mayi atamwalira, amagwira ntchito pa boti ya ku Nkopola yopha usipa ndi khoka la chilimira.

Abale, makompyuta akamalankhulana amadzera pa khomo lotchedwa API. Pakhomopo sulankhula chisawawa. Pempho lililonse lili ndi adiresi yake, kiyi wake, kalembedwe kake. Matesiti amangokuuza kuti pavuta. Kuti upeze chavuta, uyenera kutumiza mapemphowo pamanja, limodzilimodzi. Onsewo Che Yusufu anawasonkhanitsa m'laputopu mwawo, amati kolekishoni, ndipo sitinakopere kwina. Ankati, "Ndipita kuti ine?" Koma tsikulo anali atapita ku maliro a malume awo, kupitirira Namwera, kutsidya kwa malire, kopanda netiweki, laputopu ili m'chikwama.

Ndinaimba. Ndinawaimbira Che Yusufu, amayi, ndinawatumizira mauthenga, osapezeka. Kuimbira achimwene, foni yozima. Mwina mukuti, bwanji osakwera njinga yamoto kukawauza? Ndinaganiza zimenezo. Koma asodzi amasamuka kutsata usipa, sindinkadziwa doko limene anali. Ndipo ndikachoka pampando paja, asodzi enawo mpaka ku Monkey Bay awauza ndani? Kukhala sindikuthandiza, kupita sindikuthandiza. Ndinagwada pambali pa desiki, pemphero osatuluka. Ndinkangoti, "Ambuye, ine sindidziwa. Ambuye, sindidziwa."

Masana foni inalira. Che Yusufu, atachoka ku mzikiti anakwera pachulu, mauthenga anga onse n'kuwagwera.

"Chemwali, mvetserani, netiweki ndi yochepa. Matesiti anu aja akamayenda, amatumiza mapempho omwewo. Ayendetseninso, mujambule pempho lililonse likamatuluka, muwasandutse kolekishoni yatsopano, kenako..."

Foni inaduka. Sinalirenso.

Ndinali ndisanachitepo zimenezo. Ulendo woyamba fayilo inatuluka yopanda kanthu. Ndinalira ngati mwana, ndikukuuzani. Ndinayesanso, misozi ikugwera pa kiyibodi, ndipo mapempho aja anatuluka onse. Ndinatumiza la nyengo, linayankha. La manambala a asodzi, linayankha. La mauthenga linakanidwa. Kampani imene imatitumizira mameseji inali itasintha adiresi ya khomo lake. Ndinakonza, uthenga unatuluka.

Koma dzuwa linali litapendeka, nthawi imene maboti amakankhidwa. Ndinaimbiranso achimwene. Foni inalira, anayankha ndi munthu wachilendo, akupuma movutikira.

"Mayi, foniyi ili pa chaji. Mwini wake anapita kunyanja."

Abale! Mukudziwa asodzi athu, foni amaisiya pa chaji kuopa madzi. Zonse ndinavutikira zija, uthenga wakafikira patebulo, anthu ake kulibe.

Bambo wotchajayo anati, "Mafoni onse patebulo panga analira nthawi imodzi, ndinayesa sola yapsa. Nditawerenga ndinathamangira kudoko ndikukuwa. Ena abwerera. Ena anali kale patali."

"Nanga achimwene anga?"

"Sindikudziwa, mayi. Ine ndimadziwa mafoni, mayina ayi."

Mwera unabwera. Munaumva nonse, unasasula denga la kalasi ya Sande sukulu kuseriku. Ine ndinalibenso batani loti n'kudina. Ndinangokhala, foni ili m'manja, kumangoimba ya achimwene usiku wonse, osayankhidwa.

Loweruka m'mawa inalira. Anali achimwene, mawu aja ndimawadziwa kuyambira ndili wakhanda.

"Chemwali, ndiwe unandithera batire chonchi?"

Sanamve n'komwe kukuwa kwa bambo aja. Boti yawo inali m'madzi kale. Anangoona anzawo kumtunda akukupiza malaya, mwini boti n'kunena kuti tiyeni tikamve, n'kubwerera kumtunda.

Kolekishoni ija tsopano imadzipanga yokha matesiti akayenda, ndipo tonse awiri tili nayo. Koma si ine ndinawakweza Che Yusufu pachulu. Si ine ndinathamangitsa bambo amene sindinawaonepo nkhope. Ine ndinangolira. Zikomo Yesu.

Achimwene, muli kumbuyo uko, musabisale. Imirirani anthu akuoneni. Abale, awo ndi amene ndikanakhala ndikuwafunafuna m'mabango lero. Kondwerani nane.