Agogo Sapuwa ndi Khonde la kwa Abdula

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1936 ku Chiradzulu. Chiphaso chawo chimati 1939, koma khadi la ubatizo limati anabatizidwa mu 1937, ndipo ife a banja taona kuti n'kovuta kubatiza munthu asanabadwe. Dzina lawo ndi bambo Yakobe Sapuwa. Amene ndikuwerengane ndine Olivia, mdzukulu wawo.

Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 4. Mu 1955 anabwera ku Blantyre wapansi, nakhazikika kuno ku Ndirande, kumene amalume awo anawaphunzitsa utelala. Mu 1958 anapeza malo osokera pakhonde la sitolo ya nsalu ya banja la a Abdula m'tauni. Ambiri mumaidziwa: ija ya njerwa zofiira ndi nsanamira zachitsulo, yokhayo yotsala pakati pa nyumba zamagalasi. Pamwamba pa chitseko chake panalembedwa 1924.

Mu 1961 anakwatira mayi Petronela, amene anabwera kudzasoketsa diresi imodzi koma anailondola kasanu ndi kawiri, poti malemu ankangoti sinathe.

Sitoloyo sinali yawo, koma ankaisamala mwautelala. Khoma likang'aluka, ankaikapo chigamba cha simenti chodulidwa bwino m'mbali. Denga likadontha, ankamata ndi nsalu yoviika m'phula. Akatswiri a zomangamanga akaona ankagwira pakamwa, koma mvula sinkalowa.

Mu 2004 bambo Abdula aakulu anaganiza zogwetsa sitoloyo kuti amange nyumba yosanja. Nthawi imeneyo malemu ankatsokomola koopsa, ndipo adokotala anali atauza banja kuti likonzeke. Komabe anadzikoka kukadandaula, poti pakhondepo pankadyera matelala ena anayi. Bambo Abdula anamvetsera chifuwacho bwinobwino, nanena pamaso pa mboni kuti, "A Sapuwa, musadandaule. Inu muli moyo, nyumbayi sindiigwetsa."

Abale anga, apa ndi pamene malemu anachira. Fodya anasiya tsiku lomwelo. Anasiya mchere, anasiyanso kachasu amene ankati sanamulaweko. Minibasi anasiya kukwera, kabaza ankangomuonera patali. Msewu ankawoloka pokhapokha pali gulu la anthu, iwo ali pakatikati.

Mu 2011 bambo Abdula anamwalira, malemu n'kukaperekeza maliro wapansi. Mwana wa bambo Abdula, bambo Haruna, analandira sitolo pamodzi ndi lonjezo, ndipo sanaliphwanye. M'mawa uliwonse ankati, "Mwadzuka bwanji, madala?" Malemu ankayankha kuti, "Bwino kwambiri, pepani." Mapulani a nyumba yatsopano anajambulidwa katatu. Wojambula woyamba anapuma pantchito, wachiwiri anatsogola, wachitatu anafika pomadzasoketsa masuti kwa malemu omwewo.

Mu 2019, nditamaliza ku yunivesite, ndinawafunsa agogo kuti nyumba yakutha ngati imeneyo ili ndi chiyani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati, "Iwe, tauni yonseyi yasanduka ana okhaokha. Pazikhala wamkulu mmodzi woti ndizimupatsa moni."

Mu Ogasiti chaka chino anayamba kutupa miyendo, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Lamulo lawo loyamba linali lakuti bambo Haruna asamve. Anatituma kukakoleka jekete lawo pampando wa makina awo osokera ndi kuuza aliyense kuti apita kukagula ulusi. Ulusi umenewo anaugula milungu itatu. Tsiku lina bambo Haruna anatulukira m'wodi atanyamula nthochi. Malemu, amene anali asanatembenuke okha masiku anayi, anadzuka n'kukhala tsonga, nanena kuti anangobwera kudzaona odwala. Anatisiya Lachinayi pa 12 Seputembala 2024, ali ndi zaka 88.

Asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi zidzukulutudzi zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza a mpingo, mafumu, anamwino, amayi amene mwakhala pamoto masiku awiriwa, ndi amene mwakonza nyumba yawo yomaliza. Tikuthokoza matelala a pakhonde chifukwa cha nsalu ya pabokosi. Mwapadera tikuthokoza bambo Haruna, amene anasunga mawu a bambo awo zaka khumi ndi zitatu, napereka galimoto lero, nalira kuposa mmene munthu wa mapulani atatu angalirire. Mzimu wa agogo athu uuse mumtendere; aupeza movutikira, poti anaukana zaka makumi awiri.

Ndisanakhale pansi, pali uthenga wa banja. Bambo Haruna atiuza kuti lonjezo latha, ndipo sitingawatsutse. Koma akuti ngati Lolemba m'mawa apeza wa magazi a Sapuwa atakhala pamakina paja akusoka, nyumbayo aisiya osaigwetsa. Makina amenewo ndiwo anatiphunzitsa tonse. Tili ndi aphunzitsi, namwino, loya, ndi ine wa masamu. Dzulo masana tinawazungulira anthu asanu ndi anayi, madigiri asanu ndi limodzi, kuyesa kulowetsa ulusi. Tinathyola singano ziwiri. Ulusi sunalowe.

Matelala anayi aja ali apo pansi pa mtengo, akutiyang'ana. Ndiye ndifunse a banja: Lolemba akukakhala pamakina paja ndani?