Phewa la Mayi Mzati

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1974, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndikupempha aphunzitsi ndi makolo muli panonu kuti mutchere khutu mpaka kumapeto, chifukwa muno muli mawu amene malemu sanafune kuti ndiwanene.

Sukulu anayamba mu 1981. Anali aatali kuposa anyamata onse a m'kalasi mwawo, ndipo ife tinkawaseka kuti mvula imayamba yanyowetsa iwo isanafike kwa ife. Mu 1996 anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Mu 1999 anakwatiwa ndi alamu athuwa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2003 anayamba ntchito pasekondale imene ambiri mwa inu mwachokera m'mawa uno. Anapeza pabwalo pali mizati iwiri yachitsulo yopanda ukonde. Anasoka ukonde wakutha umene unatayidwa m'chipinda chosungiramo katundu, nayambitsa masewera a volebo. Iwo ankakonda ana oyamba kumene, aja akaona mpira ukubwera amatsinzina. Ankawaphunzitsa kupinda mawondo, kuphatikiza manja ndi kulandira mpira ndi mikono, osati kuuomba ngati udzudzu. Ankanena kuti mbali imodzi ili ndi mpata wogunda mpira katatu, choncho wachiwiri asapupulume kumenya, koma autukulire mnzake pafupi ndi ukonde. Woyambitsa masewera ankamuuza kuti alunjike pakati pa anthu awiri, poti pamenepo aliyense amayesa kuti mnzake ndiye alandire.

Kuyambira mu 2017 kaphunzitsidwe kawo kanasintha. Sankathamanganso ndi ana. Ankaima pa mzati wa kufupi ndi mpanda, cham'kati mwa bwalo, phewa atalitsamiritsa pachitsulocho, wezulo ili kukamwa. Ana ankasinthana malo, iwo ali pomwepo. Ukonde ankamanga okha ndi kumasula okha, ndipo mwana woyandikira mzatiwo ankamukalipira kuposa wophonya mpira. Ana anawapatsa dzina lakuti Mayi Mzati. Aphunzitsi anzawo ankawanyogodola kuti ukalamba wawapeza msanga, iwo n'kumangoseka. Alamu athu ankadabwa kuti malaya onse a akazi awo ali ndi dzimbiri paphewa la kumanja, lokana sopo.

Pa 12 Febuluwale chaka chino anabwera kunyumba akupuma movutikira, nanena kuti aterereka m'matope. Anapitabe kuntchito mpaka Malichi, pamene anakomoka m'kalasi. Kuchipatala adokotala anapeza nthiti zothyoka ndi magazi atasonkhana m'chifuwa, ndipo anatiuza poyera kuti matope sathyola munthu chonchi.

Apo ndi pamene achemwali anga anaulula kwa ine ndi alamu. Mzati uja unadyedwa ndi dzimbiri m'munsi, pamene umalowera mu simenti. Ukonde ukamangika, umaukokera m'bwalo momwe muli ana. Zaka zonsezi sankatsamira ayi, ankauchirikiza. Tsiku lija ankati atererekali, mnyamata wina anagwera mu ukonde, mzati unapendekeka, ndipo iwo anaulandira ndi chifuwa, naubweza, namaliza phunziro. Sananene kwa akuluakulu chifukwa ankakumbukira kuti mwana wina atathyoka mkono podumpha, masewera odumphawo anathera pomwepo. Ankaopa kuti bwalo lawo litsekedwanso. Anatipempha kuti tipeze wowotcherera zitsulo mwakachetechete. Tinamupeza, anakaona, nabwera kudzatiuza kuti palibe powotcherera, patsala chikhungwa chokha. Tisanawauze zimenezi, malemu anatisiya pa 26 Malichi.

Ndinkawakonda achemwali anga, ndipo ndikuwakwiyira. Analakwitsa kubisa. Madzi akatayika sawoleka, koma ena akadali m'chidebe. Dzulo ndinadutsa pasukulu paja ndipo ndinapeza ukonde utamangidwa, wokungika bwino kuposa mmene iwo ankamangira. Ndamva kuti mwakonza masewera owakumbukira Lolemba likudzali, ndi kuti mwana wawo womaliza, mtsikana wakhala pambali pa bokosiyu, mwamuika kutsogolo pa ukonde chifukwa anatengera msinkhu wa mayi ake. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chayimba, ndipo nonse mwamva. A hedi, wakutsina khutu ndi mnansi.

Malemu asiya amuna awo, ana aamuna awiri, mtsikana ndamutchulayu, mdzukulu mmodzi, ndi ife abale awo anayi. Abanja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, anansi amene mwagona nafe pano, ana asukulu amene mwanyamula mipando, ndi wowotcherera uja amene sanatinamize.

Achemwali, pempho lanu ndalikana pamaso pa anthu, ndipo mundikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere, phewa lanu lipume. Koma inu otsala, musanamwazikane, ena apite akamasule ukonde uja. Pamzati paja palibenso munthu.