Kadontho kofiira sikanaphonye

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Akulu ampingo, zikomo, ngakhale ndikudziwa kuti pa nkhani yoti ine ndiime pano simunagwirizane nonse. Zinandipeza. Ku Chikanda nkhani sigonera panjira. Akuti munthu wowombera mzimayi alibe umboni, akhale kumbuyo azichita manyazi. Chabwino. Manyaziwo ndili nawo, ndabwera nawo. Koma kumbuyo sindikhala, ndipo lero mundimva.

Dzina langa ndine Fanuel Makwinja. Ndinali msilikali zaka zambiri. Nditapuma ndinalowa ntchito yaulonda kuphiri kuno, pa kampani ina yocheka matabwa a paini. Dzina lake silikufunika. Kumeneko kunkabwera akuba matabwa, anthu a zikwanje, osaseka ndi munthu. Mnzathu wina anamutema m'mutu, mpaka lero salankhula bwino. Ndiye kampani inatenga chilolezo kuboma, ife awiri amene tinali asilikali anatipatsa pisitoli aliyense yoti tizidzitetezera. Ine ndi a Saidi, Msilamu wa ku Mbedza, munthu wa mawu ochepa.

Mfuti ndinkaidziwa, abale. Ndinkaidziwa kuposa khasu. Ndipo ndinkanyada nazo.

Koma maso anayamba kundithawa. Linayamba lakumanja, lakumanzere n'kutsatira. Ng'ala. Dziko linkaoneka ngati ndikuliyang'anira mu jumbo ya shuga. Mayi akunyumba anazindikira msanga, chifukwa tsiku lina ndinadutsa mlamu wanga pamsika osamupatsa moni, iye ataima pafupi ngati pali abusapa.

Anati, "Bambo a Chisomo, tiyeni kuchipatala akakuoneni masowa."

Ine ndinati, "Maso a ndani? Wodwala ndiye apite."

Ndinabisa. Mlonda wosaona amulemba ndani? Ndinaphunzira kuchenjera. Ndikaona chithunzithunzi chikubwera, ndinkathamangira kupereka moni, mwaswera bwanji, kuti munthuyo ayankhe ndimudziwe ndi mawu. Anthu ankati a Makwinja ndi aulemu. Sunali ulemu umenewo. Linali bodza loyenda ndi miyendo.

Vuto linali pa mfuti. Chaka chilichonse ankatiyesa kuwombera chikwangwani. Pamwamba pa pisitoli pali tizitsulo tiwiri, kena kumbuyo kena kutsogolo, ndipo umayenera kutilinganiza ndi chimene ukufuna kulasa. Ine tizitsuloto sindinkationanso. Chaka chimenecho ndinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ndinadziwa kuti chaka chamawa ntchito yatha.

Kenako bwana wathu anapita ku Joni, anabwerako ndi kanthu. Kagalasi kakang'ono ngati bokosi la machesi, komangirira pamwamba pa pisitoli. Anyamata amati redi doti. Ukayang'ana m'kagalasimo umaona kadontho kofiira kakuyaka.

Bwanayo anati, "Madala, apa palibe zoyezayeza. Pamene pali kadonthopo, chipolopolo chikupita pomwepo."

Ndinayang'ana. Abale, ndinakaona. Sikanali kakuthwa ayi, kanali ngati khala la moto m'phulusa, koma ndinakaona. Ndinakaika pakati pa chikwangwani chija, n'kukoka. Pakati. N'kukokanso. Pakati. Bwana anawomba m'manja. Ine mumtima ndinati Mulungu wandiyankha. Onani kupusa kwake. Mulungu anali atandiyankha kale kudzera mwa mkazi wanga, ine n'kumukalipira.

A Saidi anakakana kagalasiko. Tinkatsutsana tsiku ndi tsiku pa tiyi. Iwo ankati, nanga kabatire kake kakatha? Nanga mame a kuphiri kuno akaphimba galasi? Ine ndinkawaseka kuti ndinu achikale, dziko linapita. Tsiku lina anaika kapu pansi, anati, "Akulu, kagalasiko ndilibe nako mlandu. Kwa munthu wa maso ndi kabwino. Koma inu dzana munandipatsa moni kawiri ngati ndine anthu awiri. Pitani kuchipatala."

Ndinawatukwana. Mawu ake sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ena mumaonjezera, ena mumachotsera.

Unali m'mawa, nthawi ya chiperoni. Nkhungu inali itatseka phiri lonse. Ndinali ndekha pa kanjira kotsetsereka, kumtunda kwa milu ya matabwa. Ndinamva mapazi akuthamanga kuchokera kumtunda. Kenako chinthu chinatuluka mu nkhungu. Chachitali, chachikulu kumutu, dzanja limodzi lili m'mwamba. Chikubwera kwa ine.

Ndinakuwa, "Ima!" Sichinaime. Ndinakuwanso. Sichinaime. Ndinakumbukira mnzathu wotemedwa uja. Ndinasolola mfuti, kadontho kanayaka, ndinakaika pansi pa dzanja lokwezalo, n'kukoka.

Inu a ku Zomba nonse mukudziwa. Mzimayi akasenza mtolo wa paini, wautali kuposa chitseko, akamatsika phiri saima. Sangaime. Mtolo umamukankha, iye amangothamanga pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili m'mwamba kugwiriza nkhuni. Akaima mwadzidzidzi khosi lithyoka. Mwana wa sitandade wanu amadziwa zimenezi. Inenso ndinkazidziwa, ndinkakumana nawo masiku onse. Koma tsiku limenelo sindinaone mzimayi. Sindinaone munthu n'komwe. Ndinaona kadontho basi.

Mtolo unagwa. Ndinamva mawu akuti, "Mayo ine, ndalakwanji?"

Ndinathamanga, ndinagwada, ndinachita kuyandikitsa nkhope yanga kuti ndione kuti ndi ndani. Anali a Nangozo a ku Sadzi, mayi wamasiye wogulitsa nkhuni. Chipolopolo chinaphwanya phewa lakumanja. Chikwanje chawo chinali chomangidwa m'kati mwa mtolo, ndinachiona ndi kuchikhudza. Tikiti yotolera nkhuni inali pamfundo ya chitenje. Chingwe cha mtolowo chinaduka ndikuwanyamula, nkhuni ndi chikwanje n'kubalalika. A Saidi anafika pambuyo pake, anandilanda mfuti, tinawakweza mayiwo mu lole ya matabwa.

Kagalasi kaja sikanachite mame. Kabatire sikanathe. Kanagwira ntchito yake bwinobwino.

Apolisi ananditenga. Nditatuluka pa belo, bwana anabwera kunyumba ndi loya. Anakhala pakhonde panga, anati, "Madala, nkhaniyi ndi yapafupi. Chikwanje chinalipo? Chinalipo. Inu mukanene kuti chinali m'manja, anakudzutsirani. A Saidi anafika zonse zitabalalika, sangatsutse. Za maso musatchule, palibe pepala lililonse lonena za maso anu."

Mukumva, abale? Ndikanena zimenezo, ine ndituluka, ntchito ndibwerera. A Nangozo asanduka wakuba woopseza mlonda, dzanja palibe, dzina palibe. Mawu a msilikali ndi mawu a mayi wa nkhuni, khoti likanamvera ndani?

Mayi akunyumba analira. "Bambo a Chisomo, taganizirani ana. Mungonena, Mulungu adzakhululuka." Sindikuwanyoza, ali apo, anali ndi mantha ngati ine. Achibale kumudzi anabwera ndi yawo. Akuti unali ufiti, wina anakutseka m'maso ndi mankhwala chifukwa cha nsanje. Aliyense anandibweretsera khomo lothawira.

Ndipo ndinavomera. Musandiyese woyera. Ndinavomera, ndinaloweza bodza lija ngati mwana wa sukulu. Ndinkalibwereza posamba. Ndinkalibwereza pometa ndevu. Kupemphera ndinasiya, chifukwa ndikatseka maso ndinkamva mawu aja ofunsa kuti ndalakwanji.

Tsiku la mlandu linafika. Anandiitana m'bokosi, anati kwezani dzanja lamanja mulumbire. Ndinakweza. Linakwera lokha, mopepuka, mpaka m'mwamba. Kutsidya kwa chipinda nkhope za anthu sindinkaziona, zinali ngati mbatata m'dengu. Koma panali chinthu chimodzi choyera. Inali nsalu imene anakolekera dzanja la a Nangozo m'khosi.

Pamenepo ndi pamene Ambuye anandigwira. Sindinamve bingu, sindinaone masomphenya, sindikunamizani. Ndinangomva funso mumtima: dzanja lako lakwera, nanga lake? Bodza lonse ndinaloweza lija linasungunuka.

Loya anandifunsa kuti chikwanje chinali pati. Ndinati, "Chinali chomangidwa mumtolo." Anaganiza kuti sindinamve, anafunsanso. Ndinati, "Chinali mumtolo. Mayiwa sanandiopseze. Mfuti inalibe vuto, kagalasi kanalibe vuto. Vuto ndi ine. Sindiona. Bwana woweruza, pano ndaima nkhope yanu sindikuiona, ndipo zakhala choncho zaka zinayi. Ndinabisa kuti ntchito isathe."

Loya anakhala pansi. Bwana wanga ndinangomva nsapato zake zikutuluka.

Anandimanga. Ndende musaifunse kwa munthu, abale. Nsikidzi, mphere, nandolo wofumbwa, kugona chammbali ngati usipa. Ine amene ndinkalamula anyamata pa perete, ndinkafola ndi mbale kuyembekezera kuti mwana wa msinkhu wa Chisomo andigawire. Mayi akunyumba anatha miyezi isanu osabwera. Anali okwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Amene ankabwera ndi a Saidi omwe ndinawatukwana aja, atanyamula sopo ndi nthochi, osatchula n'kamodzi komwe kuti paja anandichenjeza.

Ndili m'ndende momwemo kunabwera madokotala a maso kudzaona akaidi. Anandiyang'ana, anati bambo, izi n'zochotseka. Ananditengera kuchipatala ndi unyolo. Diso limodzi linatenga nthawi yochepa kuposa ulaliki wa abusa athuwa. Musaseke, ndi zoona. Mawa lake atachotsa thonje ndinaona nyerere ikuyenda pakhoma, miyendo yake yonse. Ndinalira ngati mwana. Sindinalire chifukwa cha chimwemwe chokha. Ndinalira chifukwa chinthu chimene ndinachithawa zaka zinayi chinali chaching'ono chonchi, ndipo mtengo wake analipira munthu wina ndi dzanja.

Tsopano chitulukireni m'ndende, pali amuna amene amandikokera pambali. Ena a mashopu m'tauni muno, mmodzi ali mumpingo muno, sindimuloza. Amati, a Makwinja, ndatenga chilolezo cha mfuti, akuba atitopetsa, kodi kagalasi ka kadontho kaja ndigule? N'kothandiza? Lero ndiyankha pagulu kuti tisamanong'onezane. Kamagwira ntchito. Ndine mboni. Kamafulumira, sikaphonya, ngakhale wa ng'ala kamamusandutsa katswiri. Koma kamakuuza kumene chipolopolo chipite. Sikakuuza kuti waima apoyo ndi ndani. Ngati maso ako ali bwino, mutu wako uli bwino, umaphunzira ndi akatswiri mwezi ndi mwezi, ndi zako, ine si wapolisi. Koma ngati ukufuna kakubisire chilema, kaya cha maso, kaya cha mantha, kaya cha mowa, usanagule upite kaye ku Sadzi ukaone mmene mzimayi amamangira duku ndi dzanja limodzi ndi mano.

Ndipo inu amene mumandiuzabe kuti anandilodza, lekani. Satana musamupatse ulemu umene si wake. Palibe anandilodza. Kunyada kunali kwanga, chala chinali changa. Ndikapereka mlanduwu kwa mfiti, ndiye kuti Yesu alibe choti andikhululukire.

Panopa mfuti ndilibe, ndipo sindiifuna. Mayi akunyumba tinagwirizananso, amagulitsa kaunjika, ine ndimalima dimba. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimakwera phiri, ndimadula tikiti, ndimatola nkhuni. Njinga ndilibe, ndiye ndimasenza pamutu ndi nkhata ngati amayi. Anyamata a kabaza amandiseka, amati asilikali avala chitenje liti? Asekeni. Khosi ndi langa. Mtolowo ndimatsika nawo mpaka ku Sadzi, ndimakautula pakhomo pa a Nangozo kuti agulitse.

Ena mwa akulu munati tiwaitane mayiwo kuno, tikumbatirane pamaso pa mpingo, umboni ukome. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. A Nangozo sanandikhululukire. Sananene choncho, ndipo wina asapite kukawakakamiza ndi mavesi. Dzanja ndi lawo. Zaka ziwiri ndakhala ndikutula nkhuni pakhomopo. Ndimati odi, sayankha. Ndimati mwaswera bwanji, amayang'ana kumbali. Ndimatula, ndimabwerera.

Lachisanu lapitali kunatentha kwambiri. Ndinafika thukuta lili kamukamu, ukalamba uwu. Ndinatula mtolo, ndinatembenuka kuti ndizipita. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Madzi ali mu ndowamo. Mutunge nokha, ine sindingathe."

Ndinatunga ndekha, abale. Ndinamwa ndili chiimire, iwo akuyang'ana kumbali. Sanaonjezere liwu lina, inenso sindinapemphe lina.

Pa madzi amenewo ndikuthokoza Mulungu wanga. Lachiwiri ndikweranso phiri. Ambuye akudalitseni nonse, amene munafuna kuti ndilankhule ndi amene simunafune. Amen.