Tsitsi Lobiriwira pa Siteji ya Kottayam

Mtendere ukhale nanu, owerenga. Tiyamike Mulungu, amene amawerenga tsitsi lathu lonse.

Pa siteji ya basi ku Kottayam, Mayi Sosamma anali atafunda nsalu yawo ya sari kumutu. Mayi wina wosawadziwa anawafunsa:

"Achemwali, kutentha konseku mwafundiranji?"

"Tsitsi labiriwira ngati tsamba la nthochi, ndipo mwana wanga akukwatiwa Loweruka."

"Kusaluni sanayese kaye mankhwala awo pa katsitsi kochepa?"

"Ndinakana. Atafunsa ngati ndimapaka hena, utoto wa masamba wosagwirizana ndi mankhwala awowo, ndinati ayi. Ndikanaulula bwanji kuti ndimabisa imvi?"

"Hananiya ananama kamodzi n'kufa. Inu mwangobiriwira."

"Nanga paukwati nditani?"

"Musavule nsaluyo, muziti mukumvera Paulo, amene anati akazi azifunda kumutu. Ine ndakhala wopembedza chonchi kuyambira Pasaka," anatero mayiyo, akukoka nsalu yake kuti ibise bwino tsitsi lake.

Ambuye akudalitseni, ndi imvi zanu zomwe.